MOYO WA FREDDIE MERCURY, WOIMBA WOBADWIRA KU ZANZIBAR

Ambiri a ife pano pa sukulu timakonda nyimbo, ndipo sipapita sabata osamva anyamata kapena atsikana alikutsutsana za gulu lakuti limene latulutsa nyimbo yatsopano. Wina amati yakoma, wina amati oimbawo asokera, ataya njira yao yakale. Mkangano wotere suli wa lero ai. M'nkhani ino ndifuna kufotokoza moyo wa munthu amene anakomana nao kangapo konse, ndiye Freddie Mercury, woimba wamkulu wa gulu la ku Mangalande lotchedwa Queen, amene anamwalira m'chaka cha 1991.

Ubwana wake

Freddie anabadwa pa 5 September, 1946, pa chisumbu cha Zanzibar, chomwe chija timaphunzira m'mbiri yakale kuti kunali msika wa akapolo, ena a iwo ochokera kuno ku nyanja yathu. Dzina limene makolo ake anamutcha linali Farrokh Bulsara. Atate ake, a Bomi Bulsara, anali kalaliki wosunga ndalama m'Boma la Angerezi, amene anali kuyang'anira chisumbucho masiku amenewo, ndipo amai ake anali a Jer. Onse awiri anachokera ku India, koma anali a mtundu wa Aparsi, amene makolo ao anasamuka ku Persia kalekale, nasungabe chipembedzo chao cha Zoroaster.

Mnyamatayo atakwanitsa zaka 8, makolo ake anamtumiza kutsidya la nyanja ku sukulu yogonera komweko ya St Peter's, m'mudzi wa Panchgani, kumapiri a kufupi ndi Bombay, mzinda umene lero utchedwa Mumbai. Ife amene timadandaula ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi tiganize za mwana wamng'ono chotere, woyenda masiku ambiri pa sitima ya pamadzi. Kusukuluko anzake anayamba kumuitana Freddie, ndipo dzinalo linamkanirira. Anali wamanyazi, makamaka chifukwa cha mano ake akutsogolo amene anali otulukira kunja, koma pa piyano manyazi onse anali kutha. Akamva nyimbo pa wailesi anali kutha kuiimba pa piyano popanda womuonetsa. Ali ndi zaka 12 anapanga kagulu koimba pamodzi ndi anzake a pasukulupo, dzina lake The Hectics, namaimba nyimbo za Cliff Richard ndi Little Richard pa zisangalalo za sukulu.

Anabwerera ku Zanzibar m'chaka cha 1963, koma sanakhalitse. Mwezi wa January, 1964, kunabuka chipolowe chachikulu, Sultani nachotsedwa pa mpando, ndipo Aluya ndi Amwenye ambiri anaphedwa. Banja la a Bulsara linathawira ku Mangalande, nilikakhala m'kanyumba kakang'ono ku Feltham, kufupi ndi bwalo la ndege la Heathrow. Freddie sanapondenso pa Zanzibar kufikira imfa yake.

Chiyambi cha Queen

Ku London anaphunzira zojambulajambula pa koleji ya Ealing, natsiriza m'chaka cha 1969. Pofuna ndalama anagwirako ntchito yonyamula katundu pa bwalo la ndege, ndiponso anali kugulitsa kaunjika pa msika wa Kensington pamodzi ndi bwenzi lake Roger Taylor. Roger ameneyu anali woimba ng'oma m'kagulu kotchedwa Smile, m'mene munalinso Brian May woimba gitala. M'chaka cha 1970 woimba wao atachoka, Freddie analowa m'malo mwake. Ndiye amene anapereka dzina latsopano la Queen, ndiponso iye mwini anasintha dzina lake nakhala Freddie Mercury. Chaka chotsatira anapeza munthu wachinai, John Deacon, woimba gitala la besi.

Aphunzitsi athu adzakondwa kumva kuti anyamata onse anaiwa anali ophunzira bwino. Brian May anali kuphunzira za nyenyezi pa Imperial College, ndipo gitala lake analipanga yekha pamodzi ndi atate ake, ndi thabwa lakale lochokera pa malo osonkhapo moto m'nyumba. Roger Taylor anayamba ndi maphunziro a udokotala wa mano, nasinthira ku sayansi ya zamoyo. John Deacon anaphunzira za magetsi. Aliyense wa iwo anali kupeka nyimbo, ndipo aliyense anali ndi zokonda zake. Ichi chinawapatsa mphamvu, koma chinali kuutsanso mikangano pakati pao.

Kuti timve bwino zimene zinatsatira, tiyenera kudziwa m'mene nyimbo zinali kugulitsidwira masiku amenewo. Gulu likajambula chimbale chachikulu cha nyimbo khumi kapena kuposa, linali kusankhapo imodzi ndi kuitulutsa payokha pa kambale kakang'ono ka galamafoni. Nyimbo imeneyo ndiyo inali kumveka pa wailesi, ndipo sabata iliyonse panali kutuluka mndandanda woonetsa timbale togulidwa koposa. Nthawi zambiri nyimbo yotere inali ya mphindi zitatu chabe. Kambale koyamba ka Queen m'chaka cha 1973 sikanalowe n'komwe pa mndandandawo, koma m'chaka cha 1974 nyimbo yao ya Killer Queen inafika pa nambala 2. Ngakhale zinali chomwecho, anyamatawo analibe ndalama, popeza pangano lao ndi amene anali kuyendetsa ntchito yao silinali lowakomera. Pofika 1975 anadziwa kuti chimbale chotsatira chikalephera, mwina gulu lithera pomwepo.

Nyimbo imene akuluakulu anaikana

Pa nthawi yoopsa yotere, munthu wochenjera akadasankha nyimbo yaifupi yofanana ndi imene anthu anaikonda kale. Freddie anachita zina. Anabwera ndi nyimbo yotchedwa Bohemian Rhapsody, yotalika mphindi 5 ndi masekondi 55, yopanda mau obwereza amene anthu angavomereze monga zikhalira nyimbo zina. Iyamba ndi mau okha ngati kwaya, nitsatira ndi piyano, mnyamata alikuulula kwa amai ake kuti wapha munthu. Pakati pake isanduka opera, ndiwo maimbidwe akale a ku Ulaya. Kenaka magitala abangula mwaukali, ndipo potsiriza zonse zizirala pang'onopang'ono. Kwaya imene timamvamo si ya anthu ambiri ai, koma atatu okha, Freddie, Brian ndi Roger, amene anaimba mobwerezabwereza kwa masabata, mau ao nasanjikizidwa pa tepi imodzi. Brian May anafotokoza pambuyo pake kuti tepiyo inaperepeseka kufikira kuti munthu anali kutha kuona kuwala kupyola m'kati mwake.

Akuluakulu a kampani ya mbale ataimva anapukusa mitu. Anati palibe wailesi imene ingaulutse nyimbo yaitali chotere, napempha kuti idulidwe. Anyamata anaiwo anakana kwamtuwagalu. Tsono bwenzi la Freddie, muulutsi wa pa Capital Radio ku London dzina lake Kenny Everett, analandira tepi ya nyimboyo, naiulutsa kokwana 14 m'masiku awiri. Anthu anathamangira kumasitolo kukafuna kambale kamene kanali kasanatuluke. Kanatuluka pa 31 October, 1975. Olemba nyuzi anagawanika: ena anaiyamikira, ena anati ndi chisakanizo chodzitukumula chopanda mutu. Koma ogula anaweruza okha, pakuti nyimboyo inakhala pa nambala 1 ku Britain masabata 9, ndipo pofika kumapeto kwa January, 1976, timbale toposa miliyoni imodzi tinali titagulidwa.

Apa Freddie anaphunzira kuti nthawi zina woimba amaona patali kuposa omulangiza. Phunzirolo linali loona, koma silinali lokwanira, monga tidzaona.

Pamene okonda Queen anagawanika

Kwa zaka zisanu gululo linakwerabe. Anthu amene anali kulikonda anazolowera zinthu ziwiri: kulira kwa gitala la Brian May, ndi mau ambiri osanjikizana. Pa zikuto za zimbale zao zoyamba analikulembapo monyada kuti sanagwiritse ntchito synthesizer, ndilo limba la magetsi lotha kutsanzira zoimbira zina. Otsatira ao anali kunyadira mau amenewo ngati lonjezo.

M'chaka cha 1980 zinthu zinayamba kusintha. Pa chimbale cha The Game limba la magetsi lija linamveka kwa nthawi yoyamba. Freddie anasunga ndevu za pamlomo, ndipo ena mwa otsatira ake a ku Amereka anaipidwa nazo kotero kuti anali kumponyera malezala pa nsanja. M'chimbale chomwecho munali nyimbo ya John Deacon yotchedwa Another One Bites the Dust, yoyenda ndi besi ngati nyimbo zovina za anthu akuda a ku Amereka. Michael Jackson ndiye anawalangiza kuti aitulutse payokha, ndipo inafika pa nambala 1 ku Amereka, nikondedwa ndi anthu ambiri amene kale sanali kusamala za Queen.

Freddie anali wokonda magule a usiku a mu mzinda wa Munich ku Germany, kumene gululo linali kujambulira nyimbo, ndipo anaganiza kuti njira yatsopano ndi imeneyi. Koma nyengo inali itatembenuka. Okonda nyimbo za rock ambiri anali atadana ndi nyimbo za disiko, kotero kuti m'chaka cha 1979 khamu la anthu linasonkhana pa bwalo la masewera ku Chicago kudzaonerera mulu wa mbale za disiko ukuphulitsidwa. M'nyengo yotere, mwezi wa April, 1982, Queen inatulutsa kambale ka Body Language, nyimbo yopeka Freddie yemwe. M'nyimboyi mulibe kwaya ija, besi yake ndi ya limba la magetsi, ndipo gitala la Brian May lingomveka pang'ono chakumapeto.

Otsatira anagawanika pawiri. Akale anati aperekedwa: iwo anasunga ndalama zao kuti agule nyimbo ya Queen, koma anapatsidwa nyimbo imene gulu lina lililonse likadatha kuimba. Ena, makamaka okonda kuvina, anati woimba sali kapolo wa omvera ake, ndipo ali ndi ufulu woyesa chatsopano. Mndandanda unaonetsa kugawanikako poyera. Ku Amereka nyimboyo inafika pa nambala 11, koma kwao ku Britain inalekeza pa nambala 25, pamene miyezi yowerengeka m'mbuyomo nyimbo yao ya Under Pressure, imene anaimba ndi David Bowie, inali pa nambala 1. Chimbale chonse, dzina lake Hot Space, chitatuluka mwezi wa May, madandaulo anakula. Pa 5 June, 1982, pa msonkhano waukulu wa nyimbo ku Milton Keynes, Freddie analankhula ndi khamu asanaimbe nyimbo zatsopanozo. Anawauza kuti gululo silinataye mtima wake wa rock, kuti likungoyesa maimbidwe ena, ndi kuti palibe chifukwa chopsera mtima chotere ndi chimbale chabe.

Ndani anali wolondola? Akulu anati nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo pamenepo Freddie sanalakwe. Gulu lobwereza nyimbo yomweyo chaka ndi chaka limatopetsa ngakhale amene anaipempha. Koma omvera nao anali ndi mfundo. Sanakane chatsopano chifukwa chakuti n'chatsopano, pakuti Bohemian Rhapsody inali yachilendo koposa ndipo anailandira ndi manja awiri. Chimene anakana n'chakuti gulu la anthu anai linamveka ngati latsala ndi awiri. M'chaka cha 1975 aliyense anaikamo luso lake lonse, pamene m'chaka cha 1982 woimba gitala ndi woimba ng'oma anaikidwa pambali. Brian May ndi Roger Taylor ananena poyera pambuyo pake kuti njira imeneyo sanaikonde. Chaka cha 1983 chonse gululo silinaimbe pamaso pa anthu, ndipo pamene linabwera ndi chimbale cha The Works m'chaka cha 1984, gitala lija linali litabwerera pamalo pake. Freddie sanagwade kupepesa, koma zionetsa kuti anamva.

Nthabwala imene sinaoloke nyanja

M'chimbale chimenecho munali nyimbo ya John Deacon yotchedwa I Want to Break Free, imene inatuluka payokha mwezi wa April, 1984. Pa kanema wake amuna onse anai anavala zachikazi, Freddie ali ndi siketi ndi ndevu zake zomwe, alikusesa m'nyumba. Anali kutsanzira sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Coronation Street, limene Mngerezi aliyense anali kulidziwa. Ku Britain anthu anaseka, nyimboyo nifika pa nambala 3. Ku Amereka sewerolo silinali lodziwika, ndipo ambiri anakhumudwa. Nyimboyo inalekeza pa nambala 45. Chichokere m'chaka cha 1982 Freddie sanayendenso ulendo wokaimba ndi Queen m'dzikolo. Chodabwitsa n'chakuti ku South America anthu otopa ndi maboma ankhanza anaitenga nyimbo yomweyo ngati mfuu yofuna ufulu. Nyimbo inali imodzi, koma makutu anali atatu.

Mlandu wa ku Sun City

Chaka chomwecho panachitika chinthu cholemera kuposa kukoma kapena kuipa kwa nyimbo. Mwezi wa October, 1984, Queen inapita kukaimba ku Sun City, malo a zisangalalo m'chigawo cha Bophuthatswana ku South Africa, dziko limene makolo athu ambiri anakagwirako ntchito m'migodi. Masiku amenewo boma la tsankho linali lidakali pa mpando, Nelson Mandela ali m'ndende, ndipo bungwe la United Nations linali litapempha oimba onse kuti asapiteko. Anyamatawo anadziteteza kuti iwo sali andale, ndi kuti m'nyumba yoimbirayo akuda ndi oyera analoledwa kukhala pamodzi. Anaperekanso thandizo ku sukulu ina ya ana osamva. Koma bungwe la oimba ku Britain linawalipitsa, United Nations niilemba maina ao pa mndandanda wa ophwanya pempho lija, ndipo otsatira ao ambiri anachita manyazi. Pamenepa odandaula ndiwo anali olondola, pakuti boma la tsankho linali kufuna alendo otchuka otere kuti dziko lapansi liyese kuti zonse zili bwino. Patapita zaka zambiri Roger Taylor anavomera kuti ulendowo unali wolakwa.

Mphindi 20 za ku Wembley

Pofika m'chaka cha 1985 ambiri anali kuyesa kuti nyengo ya Queen yapita. Tsono pa 13 July, 1985, Bob Geldof ndi anzake anakonza msonkhano wa nyimbo wotchedwa Live Aid, wosonkhera ndalama anthu a ku Ethiopia amene anali kufa ndi njala. Pa bwalo la Wembley panali anthu 72,000, ndipo maiko ambiri anali kuonerera pa wailesi ya kanema. Gulu lililonse linapatsidwa mphindi ngati 20. Queen inakonzekera bwino, nisankha nyimbo zisanu ndi imodzi zodziwika, kuyambira ndi chigawo choyamba cha Bohemian Rhapsody. Freddie anatsogolera khamu lonselo ngati mphunzitsi wa kwaya: iye akaponya mau, anthu onse navomera, ndipo pa nyimbo ya Radio Ga Ga manja zikwizikwi anaomba pamodzi. Anthu ambiri mwa iwo sanadzere Queen, koma anabwerera kwao alikukamba za iye. Chaka chotsatira gululo linayenda m'maiko a ku Ulaya, ndipo pa 9 August, 1986, ku Knebworth, Freddie anaimba nalo kotsiriza pamaso pa anthu.

Masiku ake otsiriza

M'chaka cha 1987 madokotala anampeza ndi matenda a Edzi, amene masiku amenewo analibe mankhwala otalikitsa moyo monga alipo lero. Anauza anthu owerengeka okha, napitiriza ntchito. Chaka chomwecho anadabwitsanso otsatira ake poimba nyimbo ya Barcelona pamodzi ndi Montserrat Caballé, mai wotchuka woimba opera wa ku Spain. Mwezi wa January, 1991, Queen inatulutsa Innuendo, nyimbo yotalika kuposa mphindi 6, ndipo inafika pa nambala 1 ku Britain. Ngakhale thupi linali litafooka, Freddie anali kupitabe ku nyumba yojambulira ku Montreux, m'dziko la Switzerland, naimba pa masiku amene anali ndi mphamvu, kuti anzake adzatsirize nyimbozo iye atapita. Zinatuluka m'chaka cha 1995.

Pa 23 November, 1991, analengeza poyera za matenda ake, napempha anthu kuti athandizane polimbana nao. M'mawa mwake, pa 24 November, anamwalira m'nyumba yake ku Kensington, ali ndi zaka 45. Mwambo wa maliro anatsogolera ndi ansembe a chipembedzo cha makolo ake. Bohemian Rhapsody inatulutsidwanso, nikhala pa nambala 1 masabata ena 5, ndalama zake nizipita ku bungwe lothandiza odwala Edzi. Ku Amereka, kumene anamtaya kwa zaka zambiri, nyimboyo inafika pa nambala 2 m'chaka cha 1992. Anzake anakhazikitsa bungwe la Mercury Phoenix Trust lolimbana ndi matendawa, ndipo m'chaka cha 2019 ku Zanzibar kunatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri yake.

Anzanga, moyo wa munthu uyu utionetsa kuti kuomba m'manja kwa khamu kapena kung'ung'udza kwake si chiweruzo chotsiriza. M'chaka cha 1975 akadamvera omulangiza, nyimbo yake yopambana ikadadulidwa. M'chaka cha 1982 akadatseka makutu, mwina gulu lake likadapasuka. Pa nkhani ya Sun City anayenera kumvera, koma sanamvere, ndipo banga limenelo lidakalipo pa mbiri yake. Tsono ife tikamva nyimbo yatsopano ya gulu limene tilikonda, tisafulumire kuitaya pa tsiku loyamba, kapena kuitama chifukwa cha dzina la woimba. Tiimve kawiri katatu, ndipo potsutsana tizinena chifukwa chake, monga aphunzitsi amatiuza pa tsiku la mtsutso. Ndipo tizisiyanitsa nyimbo imene yangotiipira m'makutu ndi ntchito imene yapweteka anthu anzathu, pakuti ziwirizi sizilemera chimodzimodzi.